Opaleshoni ya thumbo lalikulu ndi loboti: kagwiridwe ka ntchito ndi pamene zimalakwikira

Loboti ya m'chipinda cha opaleshoni siganiza, ndipo payokha singadule kanthu. Dokotala amakhala pampando chapatali pang'ono ndi wodwala, nkhope ataizika m'choonera, zala zili m'tizogwirira tiwiri, mapazi ali pa zopondera. Chilichonse chimene mikono ya makina ikuchita m'mimba chikuchokera m'manja mwake. Makina ofala kwambiri ndi a da Vinci, a kampani ya Intuitive Surgical ya ku California, omwe bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linawavomereza mu 2000. Aliponso ena, monga Versius a CMR Surgical ya ku Cambridge ndi Hugo a Medtronic. Miyezo imene titchule pano ndi ya da Vinci Xi, mtundu umene unatuluka mu 2014, koma mfundo zambiri n'zothandiza pa makina enawonso.

Makinawa ali m'zigawo zitatu: pokhala dokotala, ngolo ya mikono inayi imene imaima pambali pa wodwala, ndi kabati ya zithunzi ndi magetsi owotchera. Mkono umodzi umanyamula kamera, itatu inayo imanyamula zipangizo, zambiri zonenepa mamilimita 8, zokhala ndi mfundo kunsonga moti zimapindika ndi kuzungulira mbali zonse. Kamera imaonetsa kuya kwa malo ndipo imakulitsa zinthu mpaka maulendo 10. Makina amachotsa kunjenjemera kwa manja, ndipo mukawatchera bwino, dzanja likayenda masentimita atatu nsonga imayenda sentimita imodzi yokha. Chimene dokotala amataya ndi kukhudza. Pa Xi simumva kuti mwakoka mwamphamvu bwanji. Mumadziwira m'maso, poona mnofu ukuyera kapena ulusi ukulimba. Mwa makina a da Vinci, mtundu wa da Vinci 5 wa mu 2024 ndi umene unayamba kubwezera dokotala mphamvu ya kukokako m'zala.

Phindu lake lili pati

Lili pansi, m'kati mwa mafupa a m'chiuno, mmene muli chigawo chomaliza cha thumbo chotchedwa rectum, chotalika pafupifupi masentimita 15. Mu 1982 Bill Heald wa ku Basingstoke anafotokoza njira ya TME: kuchotsa rectum pamodzi ndi mafuta onse ouzinga, otchedwa mesorectum, chikopa chake chopyapyala chisanaboke, chifukwa khansa imayamba kufalikira m'mafuta amenewa. Malowa ndi opapatiza, makamaka mwa mwamuna wonenepa amene chotupa chake chili pansi kwambiri ndipo analandira kale radiotherapy, chithandizo chowotcha chotupa ndi cheza. Zipangizo zowongoka za laparoscopy, opaleshoni yodzera m'timabowo imene dokotala amagwira zipangizo ndi manja ake, zimavutika kukhota mmenemo, pamene za loboti zimakhota, kamera ili njii osagwedezeka.

Kafukufuku amatiuza kuti tisakokomeze. Mu kafukufuku wa ROLARR, wotsogozedwa ndi David Jayne wa ku Leeds, amene anatuluka mu 2017, munali odwala 471. Amene opaleshoni yawo inafika poti mimba itsegulidwe anali 8.1 peresenti kwa a loboti ndi 12.2 peresenti kwa a laparoscopy, kusiyana kumene sikunakwane kutsimikizira kuti loboti yapambana. Opaleshoni ya loboti inkatenganso nthawi yaitali ndi ndalama zambiri. Kafukufuku wa REAL wa ku China, wa mu 2022, wa odwala oposa 1,000 a zotupa zapakati ndi zapansi, anapeza khansa m'mphepete mwa chochotsedwacho mwa 4.0 peresenti a loboti ndi 7.2 peresenti a laparoscopy. Ife tikuona kuti loboti ndi yoyenera kusungira rectum ndi odwala ovuta. Pa thumbo la kumanja mwa munthu wochepa thupi, dokotala wozolowera laparoscopy amachita bwino chimodzimodzi.

Wodwala asanalowe

Pa khansa ya rectum pamafunika colonoscopy (kuyang'ana m'thumbo ndi kamera yolowera kumusi) ndi kupima kanyama ka chotupa, CT ya chifuwa ndi mimba, MRI ya m'chiuno, ndi kuyeza magazi kuti muone CEA, chizindikiro cha khansa. MRI ikaonetsa kuti chotupa chafika pa milimita imodzi kapena kuchepera apo kuchokera ku chikopa cha mesorectum, wodwala ayambe walandira radiotherapy ndi mankhwala a khansa. Loboti singabwezeretse malire amene chotupa chadya kale. Chotupa chaching'ono cha m'thumbo lalikulu chilembedwe inki pa nthawi ya colonoscopy, pakuti simudzachikhudza ndi chala. Pa rectum inki ikhoza kudetsa njira yodulamo, n'chifukwa chake ambiri amadalira MRI ndi kuyang'ana ndi kamera ya kumusi opaleshoni ili m'kati.

Nesi wa stoma alembe malo a kabowo kotulukira chimbudzi wodwala ataima, atakhala pansi ndi atagona, kutali ndi makwinya a pamimba ndi pomangira lamba. Dzulo lake wodwala amwe mankhwala otsuka m'mimba pamodzi ndi maantibayotiki akumwa monga neomycin ndi metronidazole. A m'mitsempha aperekedwe mphindi 60 zisanakwane kuti mpeni ugwire khungu, ndipo ngati ndi cefazolin abwerezedwe maola anayi alionse. Onaninso mtima, mapapo ndi maso: wodwala mtima kwambiri, wa mapapo ofooka kapena wa glaucoma (nthenda ya maso) yosalamulirika sangapirire maola ambiri mutu uli pansi.

Kumugoneka

Zovulala zambiri za opaleshoni ya loboti zimayamba dokotala asanakhale n'komwe pampando wake. Loboti ikalumikizidwa, bedi silisunthanso, pokhapokha ngati ndi lija lopangidwa kuti liziyendera limodzi ndi makina. Wodwala akatsetsereka ngakhale pang'ono, machubu olowera zipangizo amakhala pomwepo n'kung'amba khoma la mimba.

Agone pa siponji yosaterera, khungu la msana likhudze siponjiyo popanda nsalu pakati. Miyendo ikhale m'zonyamulira zonga nsapato, ntchafu zitsike kufanana ndi mimba kuti mikono ya loboti isamazigunde, chidendene ndicho chinyamule kulemera, osati katumba. Kunja kwa bondo musapanikize: pamenepo pamadutsa mnyewa umene ukafinyika phazi limalendewera. Manja onse awiri akulungidwe m'mbali mwa thupi, zigongono zitetezedwe, zala zazikulu ziloze m'mwamba. Zotchingira m'mapewa ndi zoopsa, chifukwa thupi lonse likatsamira pa izo minyewa yopita ku dzanja imakokeka ndipo wodwala amadzuka dzanja lili lofooka. Musanafunde nsalu, pendeketsani bedi mpaka pamene mudzagwirire ntchito, nthawi zambiri madigiri 15 mpaka 25 mutu pansi ndi mbali ya kumanja pansi, muone ngati sakutsetsereka.

Dokotala wogoneka tulo aike madiripi onse manja asanakulungidwe, chifukwa pambuyo pake sadzawafikira. Adziwe kuti mpweya wa m'mimba ndi kupendekeka zimakankhira mapapo m'mwamba, nkhope ndi kholingo zimatupa, ndipo minofu iyenera kukhala yolefuka kwathunthu, pakuti wodwala wotsokomola zipangizo zili m'kati avulala. Opaleshoni ikamapitirira maola anayi miyendo ili m'mwamba, magazi amachepa m'akatumba ndipo minofu ikhoza kutupa n'kufa. Gulu lipangane nthawi yopumira: kuchotsa loboti, kuwongola bedi, kutsitsa miyendo kwa mphindi zingapo.

Mapoti ndi kulumikiza

Mapoti ndi timachubu tolowera kamera ndi zipangizo. Malo ake muwalembe mimba itadzazidwa kale carbon dioxide pa 12 mpaka 15 mmHg, chifukwa khungu limatambasuka ndipo zolemba za poyamba zimasuntha. Pa rectum, mapoti anayi amandandalika mzere wopingasa, kuchokera m'munsi kumanja, kudutsa pafupi ndi mchombo, kukafika pansi pa nthiti za kumanzere. Atalikirane pafupifupi masentimita 8, akhale masentimita awiri kapena kuposa kuchokera ku fupa, ndipo malo ogwirapo ntchito akhale masentimita 10 mpaka 20 kuchokera pa poti. Mukayandikitsa kwambiri, mikono imagundana kunja ndipo zipangizo zimasowa pokhotera. Mukatalikitsa, sizifika pansi pa chiuno. Poti ya m'munsi kumanja ikhale ya mamilimita 12 kuti stapler, chipangizo chodula ndi kusoka thumbo ndi timawaya, idzalowe. Ya wothandizira ikhale kumbali ya kumanja, kumbuyo kwa mzerewo, pamene dzanja lake silingapanidwe ndi mikono.

Pa chubu chilichonse pali mzere wakuda wonenepa. Mzerewo ukhale pa khoma la mimba ndendende, chifukwa mkono umazungulira pa mfundo imeneyo. Ukalowa kwambiri kapena kutulukira kunja, chubu chimapekesa minofu nthawi yonse ya opaleshoni, bowo limakula, mpweya umathawira pansi pa khungu, ndipo wodwala amamva ululu wambiri pambuyo pake.

Musanabweretse ngolo, konzani m'mimba ndi zipangizo wamba: yang'anani chiwindi, masulani pamene matumbo anamatirira, kankhirani matumbo aang'ono kumtunda kumanja, ndipo mwa mayi mangirirani chibelekero ku khoma la mimba ndi ulusi. Kenako ngolo imabwera kumanzere kwa wodwala. Kuwala kobiriwira kwa mtanda kulunjike pa poti ya kamera; mumalumikiza mkono wa kamera, kuiloza kumene kuli ntchito, n'kudina batani loti makina adzikonze okha. Mikono ina ikalumikizidwa, pakati pake pazilowa chibakera, ndipo poti iliyonse imasulidwe pang'ono kuti isakoke kapena kudinikiza khungu. Chipangizo chilichonse chilowe kamera ikuchiona. Kawirikawiri kudzanja lamanja kumakhala sizasi yowotcha, kumanzere chopanira cha bipolar, ndipo mkono wotsalawo umagwira thumbo. Nsonga ya sizasi imavala kachipewa ka labala. Kakang'ambika, magetsi amadumphira pa thumbo kapena mtsempha umene simukuuyang'ana, choncho nesi akayendere nthawi iliyonse sizasi ikatuluka.

Ntchito yeniyeni

Timayambira m'kati kupita kunja. Mkono wachitatu umatukula thumbo la sigmoid, chigawo chokhota chimene chili pamwamba pa rectum, ndipo mumacheka nembanemba kumanja kwa mizu yake, pa fupa lotumphuka pamene msana umalowera m'chiuno. Mpweya umalowa m'chochekacho n'kukusonyezani njira. Tsatirani kumbuyo kwenikweni kwa mtsempha wamagazi wopita ku rectum, kuti minyewa ya hypogastric itsalire pansi. Musadule chilichonse musanaone ureter ya kumanzere, kanjira kotenga mkodzo ku impso kupita ku chikhodzodzo. Imadziwika ndi kuyenda kwake ikakhudzidwa pang'ono, ndipo kunja kwake kuli mitsempha ya ziwalo zoberekera. Mukaona mnofu wa psoas uli poyera, mwalowa mwakuya ndipo mwina ureter mwaitukulira limodzi ndi thumbo. Bwererani, mupeze njira ya pamwamba.

Mtsempha waukulu wa inferior mesenteric umapanidwa ndi kudulidwa sentimita imodzi kapena awiri kuchokera pa aorta, mtsempha waukulu wochokera ku mtima, osati pa tsinde penipeni pamene pazingidwa ndi minyewa. Mtsempha wobweza magazi umadulidwa m'munsi mwa pancreas kuti thumbo litalike. Ngati likuoneka kuti silifika pansi momasuka, masulani pokhota pake pafupi ndi kapamba (spleen). Apa kusamva kukoka kumavulaza: mkono wogwira thumbo uli kunja kwa chithunzi, ukukoka mafuta omatirira ku kapamba, n'kuona magazi akutsika kuchokera kumtunda. Lamulo n'lakuti chipangizo chimene simukuchiona musachisunthe.

M'chiuno timayamba kumbuyo. Mukakankhira rectum kutsogolo, pakati pa chikopa chosalala cha mesorectum ndi fupa pamaoneka timaulusi toyera tonga thonje, topanda magazi. M'menemo ndimo modula, pang'onopang'ono, mpaka pa minofu ya pansi pa chiuno. Mukaona mafuta achikasu akutuluka, mwaboola mesorectum. Mukalowera kumbuyo kwambiri mupeza mitsempha ya pafupa, imene ikang'ambika imabwerera m'fupamo. Kuiwotcha mobwerezabwereza kumangokulitsa bala. Ikanipo gozi, dinikizani ndi mkono wa loboti kwa mphindi zingapo ndithu, uzani wogoneka tulo, konzani zoumitsira magazi, kenako muyang'ane.

M'mbali ndi kutsogolo ndi mmene muli tsogolo la wodwala pa nkhani ya kukodza ndi kugonana. Minyewa ya m'mbali imakokeka kubwera pakati mukakoka rectum mwamphamvu, n'kuoneka ngati mbali ya chochotsedwa. Mwa mwamuna, kutsogolo mumapeza tizikwama ta umuna ndi nembanemba ya Denonvilliers, ndipo minyewa yodzutsa umuna imadutsa m'makona awiri a kutsogolo, m'mbali mwa prostate. Pamenepo chepetsani moto, dulani pang'onopang'ono. Ngati chotupa chili kutsogolo, nembanembayo ichoke pamodzi ndi rectum. Ngati chili kumbuyo, itsale. Mwa mayi, wothandizira atukule khoma la nyini kuti malire aoneke.

Kudula ndi kulumikiza thumbo

Pa chotupa cha kumtunda kwa rectum, mesorectum idulidwe masentimita 5 pansi pa chotupa, mopingasa, osati mosongoka kulowera m'kati. Pa chapansi, mesorectum yonse imachoka ndipo sentimita imodzi kapena awiri a thumbo labwino amakwanira. Tsimikizani malowo ndi chala kapena kamera ya kumusi, panani pansi pa chotupa, tsukani chotsalacho, kenako lowetsani stapler. Cholinga n'kudula kamodzi kapena kawiri. Kudula katatu kapena kuposa kumasiya mizere yopingasana imene imakonda kudontha. Stapler ikakana kukhala bwino, wothandizira akankhe kumusi ndi chibakera kuti pansi pa chiuno pakwere. Ikanena kuti mnofu wanenepa, dikirani ifinye kapena sinthani katiriji, musakakamize.

Chochotsedwacho chimatulukira pa bala lopingasa pamwamba pa chinena, lotetezedwa ndi pulasitiki. Bala limeneli silibweretsa chophuka kawirikawiri poyerekeza ndi la pakati pa mimba. Musanadule thumbo la kumtunda, onani ngati magazi akufikako. Utoto wa ICG umabwera mamiligalamu 25 m'botolo, umasungunulidwa m'mamililita 10 a madzi a jakisoni, ndipo ambiri amabaya mamililita awiri kapena atatu. Mukayatsa kuwala kwa Firefly, kwapadera kwa kamera ya loboti koonetsa utotowu, pasanathe mphindi imodzi thumbo la magazi limawala mobiriwira, losowa magazi limakhala lakuda. Dulani pobiriwira. Funsani kaye ngati wodwala sadana ndi ayodini.

Stapler yozungulira, ya mamilimita 28 mpaka 31, imalowera kumusi. Musanaitseke onani zinthu zitatu: thumbo silinapotoke, silikukokeka, ndipo khoma la nyini silinapanidwe. Mukadula, timphete tiwiri ta mnofu totuluka mu stapler tikhale tathunthu. Thirani madzi m'chiuno, panani thumbo kumtunda, popani mpweya kumusi. Thovu likatuluka, sokani pamenepo kapena lumikizaninso. Kusoka pansi pa chiuno ndi ntchito imene loboti imaichita bwino kwambiri. Polumikiza pakakhala pansi kwambiri, kapena wodwala analandira radiotherapy, tulutsani stoma yongoyembekezera ya thumbo laling'ono. Siletsa kudontha, koma imachepetsa ukali wake.

Ku thumbo la kumanja ntchito ndi yofupikirapo. Bedi limapendekera kumanzere, mumatukula mitsempha ya ileocolic, kupeza duodenum (chiyambi cha thumbo laling'ono) n'kuisiya pansi, kudula mitsempha pa tsinde, kenako kulumikiza matumbo m'mimba momwemo ndi stapler ndi kusoka bowo lotsala. Samalani ndi timitsempha tobweza magazi pafupi ndi mutu wa pancreas, timang'ambika msanga tikakokedwa. Kulikonse kumene mwadula, wopima ku labotale apeze ma lymph node, timwanabele timene khansa imafalikiramo, osachepera 12.

Zikavuta mwadzidzidzi

Dokotala ali kutali ndi bedi ndipo sanasambe m'manja, choncho wothandizira wa pambali pa wodwala akhale munthu wodziwa kupana mtsempha, kuyamwa magazi ndi kutsegula mimba. Mawu azibwerezedwa: wina akati achotse chipangizo cha mkono wachitatu, winayo anene zomwezo asanagwire. Chipangizo chisatulutsidwe chisanawongoledwe ndi kutsegulidwa kukamwa, apo ayi chituluka ndi thumbo.

Makina akapeza vuto amaimitsa mikono n'kulira. Mavuto ena amatha mukadina batani lopitirizira, ena amafuna kuzimitsa ndi kuyatsanso. Chipangizo chikaumirira chitaluma mnofu, pali kakiyi komasulira pamanja. Aliyense m'chipindamo adziwe pamene kamakhala. Zipangizo zili ndi maulendo owerengeka ogwirira ntchito ndipo akakwana makina amazikana, choncho zapadera zikhale pafupi.

Magazi akamatuluka kwambiri, musathamangire kuchotsa zonse. Mkono umodzi ukhoza kukhala utapana mtsemphawo pamene ina ikuchotsedwa ndipo mimba ikutsegulidwa. Mtima ukaima, zonse zichoke: zipangizo, mikono, ngolo ibwerere m'mbuyo, mpweya utuluke, bedi liwongoke. Gulu liziyeserera zimenezi kawirikawiri, aliyense ndi ntchito yake, ndipo zida zotsegulira mimba zizikhala m'chipinda momwemo. Kutsegula mimba msanga, mutaona kuti ntchito sikuyenda, n'kwabwino kwa wodwala kuposa kutsegula mochedwa mutaboola chotupa. Wophunzira ayambire pa makina oyeserera, akhale wothandizira pambali pa bedi, kenako achite zigawo za opaleshoni pa mpando wachiwiri mphunzitsi ali wokonzeka kulanda zipangizo. Mwamuna wonenepa wa chotupa chapansi si woyambira.

Atatuluka

Bowo la poti ya mamilimita 12 lisokedwe m'kati kuti thumbo lisadzalowemo. Wodwala asanachoke pabedi gwirani akatumba, yang'anani nkhope, maso ndi msana. Katumba wolimba, wopweteka koposa, makamaka phazi likapindidwira m'mwamba, ndi wofunika dokotala nthawi yomweyo. Wodwala ayambe kumwa tsiku lomwelo, adzuke ndi kuyenda mawa lake, ndipo mankhwala aululu a gulu la morphine achepe chifukwa amagonetsa matumbo. Pa khansa, jakisoni woletsa magazi kuundana apitirire masiku 28.

Mabala aang'ono amanyenga. Wodwala amaoneka bwino kunja pamene polumikiza pakudontha m'kati, kawirikawiri m'sabata yoyamba. Mtima wothamanga kapena wosokonekera kagundidwe, kutentha thupi, kupuma mofulumira, mimba yotupa, kusokonezeka mutu mwa okalamba, kapena CRP (chizindikiro cha kutupa choyezedwa m'magazi) imene pa tsiku lachitatu mpaka lachisanu ili pamwamba pa 150 mg/L ndipo sikutsika, zonsezi zikufuna CT, osati kudikira mawa. Wa stoma ya thumbo laling'ono aphunzitsidwe kuyeza zotuluka. Zikamapitirira lita imodzi ndi theka patsiku impso zili pangozi, ndipo akufunika madzi a mchere ndi shuga pamodzi ndi loperamide, mankhwala ochepetsa kutsegula m'mimba. Stoma isanatsekedwe, polumikiza payesedwe ndi utoto wa pa X-ray kapena kamera. Muuzenitu wodwala kuti rectum ikachoka ambiri amapita kuchimbudzi pafupipafupi, mothamanga, nthawi zina osatha kudzigwira, ngakhale opaleshoni itayenda bwino. Pa ulendo uliwonse wa ku kiliniki mufunseni mwachindunji za chimbudzi, mkodzo ndi kugonana, pakuti ambiri sayamba okha kunena, ndipo mankhwala, masewera olimbitsa minofu ya pansi pa chiuno ndi kutsuka thumbo ndi madzi zimathandiza akayamba msanga.